Khoma Lopanda Mpata

Nkhani iyi ndi ya mmisiri wina wa matabwa, ndipo ili pano monga anainenera mlongo wake, amene akumusunga mpaka lero. Mbali zina anazinena mwini wake pa masiku amene chifuwa chimamulola kulankhula. Ngati pena mawu aphonya, Mulungu akhululuke.

Anzake ankamutchula kuti Mfundo. Dzinali linabwera chifukwa akapita kogula matabwa ankatembenuza thabwa lililonse, kuliyang'ana m'mbali ndi diso limodzi, kuligogoda ndi chala, ndipo akapezapo mfundo yogwedera ankalibweza pamulu. Ogulitsa akamuona patali ankagwirana zigongono n'kumati, "Abwera aja osankha thabwa ngati akusankha mbeta."

Ntchito yake inali yokuta makoma a m'kati mwa nyumba ndi matabwa, m'maofesi, m'malo odyera ndi m'zipinda zochezera za anthu opeza bwino. Ankayenda ndi chikwama cha zidutswa zoonetsa, china cha mbawa, china cha mlombwa, china cha paini. Akalowa m'chipinda ankayamba waima phee, kuona kumene kuwala kukulowera. Chipinda cha denga lotsika ankachipatsa matabwa oimirira kuti chioneke chachitali, ndipo chamdima sankachiika mtengo woderapo ngakhale mwini wake aukonde bwanji. Kenako ankalemba zonse papepala: mtundu wa mtengo, kukula ndi kuchindikala kwa thabwa, ndiponso ngati lipakidwe mafuta kapena vanishi. Kumunsi kwa pepalalo sankaiwala mizere itatu. Matabwa akhale ouma. Agone m'chipindamo masabata awiri asanakhomedwe, kuti azolowere mpweya wa mmenemo. Pasiyidwe mpata kumbuyo kwawo ndiponso kampata kakang'ono pakati pa thabwa ndi linzake.

"Thabwa limapuma," ankatero. "Mtengo ukadulidwa sufa wonse. Mvula ikagwa thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, dzuwa likaomba limabweza. Mukalipanikiza lidzipezera lokha njira, ndipo njira yake ndi kupindika kapena kung'aluka."

Mizere itatu imeneyi ndi imene inamusaukitsa. Mayi wina amene ankatsegula malo odyera anawerenga pepalalo n'kuseka mpaka kupukuta misozi.

"Bambo, matabwa agone masabata awiri? Kodi ndi alendo? Ndiziwaphikiranso?"

"Mayi, mukafuna khoma loti lidzaone zidzukulu zanu..."

"Ine ndikufuna khoma loti lione makasitomala anga Loweruka. A Changu anena kuti masiku anayi atha, ndiponso makoma awo sakhala ndi timizere tanuti ta mipata. Pitani bwino."

Changu anali mnzake amene anaphunzira naye ntchito kwa mmisiri mmodzi. Nthawi imeneyo Changu sankatha ngakhale kunola sowo. Tsopano anali ndi galimoto ziwiri, ndipo makoma ake ankaoneka ngati thabwa limodzi lalikulu, osalala kuchokera pansi mpaka kudenga. Mfundo ankadziuza kuti mvula idzamuyalutsa. Mvula inagwa zaka ziwiri. Tsiku lina analowa mwakabisira mu ofesi ina imene Changu anakuta, nayendetsa chikhato pakhoma kufuna pofufuma. Sanapeze ngakhale pamodzi. Anatuluka mtima ukuwawa ngati wameza khala lamoto.

Kunyumba kwake kunali chipinda chimodzi kuseri kwa shedi yogwiriramo ntchito. Amene ankadyetsa banjalo anali mkazi wake, wochapa ndi kusita zovala za anthu. Manja ake anali atayera ndi sopo, msana unkamupweteka, koma akamasita ankaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza moti oyandikana nawo ankadziwira pomwepo kuti kwacha. Anali mayi wanthabwala.

"Abambo, lero thabwa lakuuzani chiyani?" ankafunsa mwamuna wake akabwera chimanjamanja. "Likadzayamba kuuza anthu kuti akupatseni ntchito, mudzandidzutse ndidzalipatse moni."

Mfundo ankaseka nawo, koma akaona mmene mkaziyo ankagwirira m'chiuno podzuka pa beseni, kuseka kunkatha.

M'mawa wina anakumana ndi Changu kogulitsa matabwa. Changu ankakweza m'galimoto matabwa a bulugamu ocheka dzulo lake, olemera ndi madzi.

"Akulu, mukadali kugogoda matabwa? Adzakuyankhani liti?"

"Awa mwatengawa ndi aawisi. Akuchita kudontha."

"Adonthe. Bola ine sindikudontha thukuta."

Mfundo anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira. "Mnzanga, tinadyera mbale imodzi. Tandiuzani, mumatani?"

Nkhope ya Changu inasintha. Anayankha uku akumanga chingwe. "Kuseri kwa ogulitsa zitsulo zakale kuli nyumba ya chitseko chobiriwira. Mupite masana. Musanene kuti ndakutumani ndine."

"Zikomo. Nanga amayi anu ali bwanji? Ndinamva kuti sakupeza bwino."

"Akupuma," anatero Changu, n'kulowa m'galimoto osatsanzika.

Mfundo anapita tsiku lomwelo dzuwa lili paliwombo. Ankayembekeza kupeza nsupa ndi michira ya sing'anga, koma anapeza bambo wovala malaya oyera bwino, atakhala kuseri kwa tebulo lopanda kanthu. Chipindacho chinalibe zenera. Makoma onse anayi anali okutidwa ndi matabwa, ndipo diso la mmisiri linasakasaka polumikizira osapaona. Munali fungo la mtengo wauwisi.

"Mwakonda khoma langa," anatero sing'angayo. "Khalani pansi. Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna ntchito yanga iyende, bambo. Ndatopa ndi kusekedwa."

"Amenewo ndi mawu a pakamwa. Nenani a mumtima."

Mfundo anaweramitsa mutu. "Ndikufuna akazanga apume. Avutika mokwanira."

Sing'anga anamwetulira pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa chinthu asanachipemphe. "Apume. Mwanena bwino. Kodi tepi yanu yoyezera muli nayo?"

"Siichoka m'thumba."

"Mukafika kunyumba muuze mayiwo akoke mpweya wonse umene angathe, augwire, inu muwayeze kuzungulira chifuwa. Nambala yake musailembe ndipo musaitchule. Mawa mubwere nayo tepiyo. Kuyambira pamenepo, khoma lililonse limene mudzayeze nayo lidzakhala chilili. Gulani matabwa aawisi, khomani tsiku lomwelo, panikizani mmene mungafunire. Silidzafufuma, silidzang'aluka."

"Koma thabwa limayenera kupuma."

"Zimenezo mundisiyire ine."

Kuseri kwa khoma kunamveka wina akutsokomola, chifuwa chouma, chotalika. Mfundo anatembenuka. Panalibe chitseko china.

"Ndi oyandikana nawo," anatero sing'anga.

"Nanga mtengo wake?"

"Ndalama zanu sungani, mudzagulire mayiwo mpando wabwino. Si mwati mukufuna apume? Ndikulonjezani, sadzagwiranso sopo. Ntchito yawo idzakhala kupuma basi, usana ndi usiku."

Mawu akuti kupuma ali ndi makomo angapo, ndipo iye analowera khomo limene linamukomera. Koma amavomera yekha kuti makomo enawo anawaona. Munthu amene tsiku lililonse ankauza anthu kuti thabwa limapuma sakanalephera kumva.

M'mawa mwake anapeza mkazi wake akuyanika zovala.

"Amayi, taimani kaye ndikuyezeni."

"Ndi tepi ya matabwa? Mukufuna kundikhoma pakhoma?"

"Ndikufuna ndidzakusoketsereni diresi. Kokani mpweya wonse, muugwire."

"Diresi la mbawa kapena la paini?" anatero mkaziyo akuseka, koma anakweza manja n'kukoka mpweya. Tepi yachitsulo inazungulira chifuwa chake. Akuti itakumana, mkaziyo ananjenjemera n'kunena kuti, "Iii, koma ndi yozizira!" Ataumasula mpweya uja anatsokomola kamodzi, n'kupitiriza kuyanika.

Sing'anga analandira tepiyo ndi manja awiri. Anakankha thabwa limodzi la khoma lake, naiika m'kati, n'kutseka. Poitulutsa, inali yofunda ngati yachoka m'khwapa mwa munthu.

Ntchito yoyamba inali ya ofesi ya maloya. Mfundo analemba pepala lake monga mwa masiku onse, koma atafika kumunsi dzanja linaima, ndipo mizere itatu ija anaisiya. Anagula matabwa aawisi otsika mtengo, kuwapala, kuwakhoma mothinana pakhoma lenilenilo, ndipo masiku atatu ntchito inatha. Diso lake losankha mitundu linali likadalipo, choncho khoma linatuluka lokongola kuposa a Changu. Maloyawo anauza anzawo. Panabwera sitolo ya mafoni, kenako nyumba ya dokotala wa mano, kenako mayi uja wa malo odyera, amene anabwera yekha kudzapepesa.

Chaka chisanathe anasamukira m'nyumba ya zipinda zinayi. Anagulira mkazi wake mpando wofewa wa pakhonde, ndipo beseni lochapira analipereka kwa oyandikana nawo.

"Ndiye ndizitani tsiku lonse?" anafunsa mkaziyo.

"Muzipuma."

Mvula yoyamba itagwa, mphete inakana kutuluka pachala cha mkaziyo. Sabata yotsatira nsapato zinakana kulowa. Miyendo inatupa, nkhope inatupa, ndipo akayenda kuchokera pakhonde kufika kukhitchini ankaima panjira atagwira khoma. Ankaseka yekha kuti, "Ndi kukhuta kumeneku, thupi silinazolowere." Kuchipatala anamuyeza magazi, mtima ndi impso, osapeza kanthu. Nyimbo zija zinayamba kuduka pakati, mzere umodzi kawiri, mpaka zinaleka.

Mvula itatha kutupa kunaphwa, ndipo Mfundo anati zatha. Koma dzuwa litakula mkaziyo anayamba kuuma. Khungu linang'ambika m'zidendene, m'manja ndi m'milomo, ming'alu yaitali yowongoka imene mafuta sankaitseka. Akatembenuka pampando mafupa ankalira.

Mlongo wake wa Mfundo, mayi wamasiye amene ankasoka zovala, anayamba kubwera tsiku ndi tsiku kudzathandiza mlamu wake. Ndi iye amene ananena koyamba.

"Achimwene, matenda a alamuwa akuyenda ndi nyengo ngati chitseko cha kubafa. Mvula kutupa, dzuwa kung'aluka. Inu simukuona?"

"Ndiwe dokotala tsopano?" anakalipa Mfundo, ndipo mlongoyo anadabwa, chifukwa mchimwene wake sanali munthu wokalipa.

Chimene chinachotsa kukayika konse chinachitika Lolemba lina. Anamuimbira a sitolo ya mafoni kuti paipi yaphulika kuseri kwa khoma lake ndipo madzi ayenda kuyambira Loweruka. Atafika anapeza pansi pali thamanda, pulasitala wa khoma la mbali inayo atagwa, koma matabwa ake ali chilili, ouma, osalala. Mwini sitolo anamugwira chanza ndi manja awiri.

"Inu ndinu mmisiri! Madzi onsewa apita kuti?"

Mfundo anathamangira kunyumba. Anapeza mlongo wake atagwada pansi ndi nsanza. Mwendo wakumanzere wa mkazi wake unali utatupa ngati mtsamiro, ndipo madzi oyera ankatuluka pakhungu n'kumadontha pansi. Ankanunkha dzimbiri la paipi.

Masana omwewo anakagogoda pa chitseko chobiriwira.

"Mwabwera kudzathokoza?" anafunsa sing'anga.

"Akazanga akufa."

"Akupuma. Makoma angati tsopano?"

"Khumi ndi anayi."

"Chifuwa chimodzi, makoma khumi ndi anayi. Mayiwo ndi olimba. Ena amatopa pa asanu ndi awiri."

"Masulani zimenezi. Tengani nyumba, tengani galimoto."

"Ndinakuuzani kuti katundu wanu sindimufuna. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kazuleni thabwa lililonse limene munayeza ndi tepiyo, osatsala ndi limodzi lomwe. Yachiwiri ndi yosavuta. Si muli ndi mlongo amene amabwera kwanu? Agone m'nyumbamo masiku atatu, mumuyeze, agawane katundu."

"Mlongo wanga ayi."

"Mwakana msanga. Pa akazanu munaganiza usiku umodzi wokha." Sing'angayo anapukuta tebulo ndi chikhato ngakhale panalibe fumbi. "Ndikuuzeninso ichi kuti musadzati ndinabisa. Makoma sadikira maliro. Wowapumira akatopa, amapitiriza ndi amene amagwira tepi."

Mfundo anatuluka atatsimikiza zozula makoma onse. Anaponya tepi ija pansi pa bokosi la zida n'kugula ina yatsopano. Anapita kwa maloya aja kukapempha kuti achotse khoma n'kuikapo lina mwaulere. Iwo anamuyang'ana ngati waledzera. "Chavuta n'chiyani ndi ili? Muli chiyani m'katimo?" Mfundo anangobwerera. Kwa dokotala wa mano anangofika pageti n'kubwerera. Anadziuza kuti ayambe wapeza mawu abwino onena.

Akufunafuna mawuwo, kunabwera uthenga wochokera kwa mwini hotelo yatsopano. Ankafuna kukuta holo yaikulu ya misonkhano, makonde awiri ndi malo olandirira alendo. Inali ntchito yoposa makoma onse khumi ndi anayi kuwaphatikiza. Changu ankaifunanso, koma anali atangoika maliro a amayi ake ndipo anthu ankati sakutuluka m'nyumba.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, mkazi wake anamuitana pakhonde. Tsopano ankalankhula mawu atatu n'kuima.

"Abambo, khalani apa. Diresi lija lili kuti?"

"Diresi liti?"

"Limene munandiyezera."

Mfundo anayang'ana pansi. Mkaziyo anadikira mpaka mpweya utabwerera.

"Ine sindine mwana. Ndikagona ndimamva fungo la vanishi. Ndimamva anthu akuyankhula za milandu, za mafoni, anthu oti sindiwadziwa. Wina akatsamira khoma kwinakwake, ine kuno ndimalemedwa. Munandiika kuti, amunanga?"

Pamenepo anaulula zonse, atagwada, mutu uli pa maondo otupawo. Mkaziyo sanakalipe. Anaika dzanja lake long'ambika pamutu pa mwamunayo.

"Ine kuchapa sikunandiphe. Ndinkatopa, inde, koma ndinkagona tulo. Zachitika zachitika. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Musawonjezere lina. Awa ndiyesetsa, koma lina sindingathe."

"Ndalumbira. Ya hoteloyi ndiigwira mwa njira yakale, matabwa ouma, tepi yatsopano. Ikatha ndidzakhala ndi mphamvu zogula makoma enawo n'kuwazula."

"Bwanji osangoisiya?"

"Ntchito ngati imeneyi imabwera kamodzi, amayi."

Mkaziyo anatembenukira kumsewu.

Pepala la hotelo analilemba bwino kuposa onse amene analembapo. M'holo anasankha mbawa yoimirira, yopaka mafuta osawala kwambiri kuti magetsi asamathobwe anthu m'maso. M'makonde anaika paini woyera kuti muwale. Polandirira alendo anaika mlombwa wogoneka, mizere yake yoyenderana thabwa ndi thabwa. Kumunsi analemba mizere itatu ija ndi zilembo zazikulu.

Mwini hotelo, bambo wamimba yaikulu wosakonda kukhala pansi, anawerenga ataimirira. Anagwedeza mutu mokondwa mpaka anafika kumunsi. Anatulutsa cholembera m'thumba n'kukhwatcha mizere itatuyo umodzi umodzi.

"Bwana, imeneyo ndiye mizati ya ntchito yonse."

"Mizati? Ine ndinakuitanani chifukwa ndinaona khoma la kwa maloya. Lopanda mzere, lotha masiku atatu. Mipata ndingaipeze kwa kalipentala aliyense wa pamsewu. Ndipo mbawa youma yokwana holo iyi muipeza kuti mwezi uno? Tikutsegula pakatha masabata atatu, alendo aitanidwa kale. Mutha kapena ndiitane wina?"

Mfundo anayang'ana holoyo, makoma aatali a pulasitala, ndipo m'maso mwake anaiona itatha, dzina lake likutchulidwa ndi aliyense wolowamo. Anaganiza kuti mvula ikadali kutali mwezi wathunthu. Anaganiza kuti akhoma tsopano, alandire malipiro, ndipo mvula isanagwe adzabwera kudzacheka timipata mwakachetechete. Maganizo otere sasowa pamene mtima wafuna kale.

"Nditha, bwana."

Anapita kushedi n'kutulutsa tepi ija pansi pa bokosi. Inali ikadali yofunda.

Masabata atatu amenewo mlongo wake sanachoke pambali pa mlamu wake. Akuti tsiku lililonse kuyambira m'mawa mayiyo ankadzidzimuka pang'onopang'ono, kamodzi kamodzi, ngati munthu amene akumulasa ndi singano, ndipo ankasiya nthawi imene amisiri amaweruka. Sanafunse mwamuna wake kanthu. Tsiku lina anangouza mlamu wakeyo kuti, "Alamu, achimwene anu ayamba khoma lalitali." Kuyambira pamenepo Mfundo akalowa m'chipinda, mkaziyo ankatseka maso.

Mvula sinadikire mwezi. Inabwera tsiku lotsegulira hotelo, masana, ya mphepo ndi mabingu. Mfundo anali m'holo atavala jekete, anthu akusisita makoma ndi kumufunsa nambala ya foni. Mazenera anali otsegula, chinyezi chinalowa, anthu mazana atatu ankapumira m'chipinda chimodzi. Iye anayang'ana mbawa yake yaiwisi, thabwa ndi thabwa, ndipo palibe limene linasuntha. Foni inalira m'thumba. Anaisiya ilire kawiri chifukwa mwini hotelo anali akumutchula dzina kutsogolo. Kachitatu anayankha.

"Achimwene, bwerani. Bwerani tsopano."

Anapeza mkazi wake atamukhazika pampando uja, chifukwa kugona sankatha. Thupi linali litatupa moti mlongoyo anachita kudula bulauzi ndi sizasi. Pakamwa panali potsegula, mapewa ankakwera, koma mpweya sunkalowa, ngati m'chifuwamo munalibenso malo. Mfundo anagwada n'kumaitana, "Amayi, amayi, ndikukazula, ndikupita pompano." Mkaziyo anatsegula maso. Milomo inayenda, ndipo mlongoyo, amene anali pafupi, akuti anamva mawu awiri okha: "Ndatopa, abambo." Mvula isanakate anali atapita.

Anamuika m'manda tsiku lachitatu, kukugwabe mvula. Pobwerera, Mfundo anaona kuti nsapato zikumuthina. Pofika pageti anaima atagwira chipilala, akusaka mpweya.

M'mawa mwake anatenga chitsulo chozulira misomali n'kupita kuhotelo. Analowa m'holo muli msonkhano, nalowetsa chitsulocho m'mphepete mwa khoma. Thabwa loyamba linatuluka ndi kulira kwa misomali, ndipo akuti iye anakoka mpweya waukulu ngati munthu wovuuka m'madzi. Lachiwiri sanalimalize. Alonda anamugwira, kumugwetsa pansi ndi kumukokera kunja uku akukuwa kuti, "Ndi anga! Ndisiyeni ndizule, ndi anga!"

"Anali anu," anatero mwini hotelo. "Ndinagula." Ndipo analamula kuti thabwa lija alibwezeretse tsiku lomwelo.

Anayesa kwa maloya, anamuitanira apolisi. Anayesa kusitolo ya mafoni, anamutsekera chitseko. Mbiri inawanda yoti imfa ya mkazi yamuzunguza mutu, ndipo aliyense amene anali ndi khoma lake anauza alonda kuti asamulole kuyandikira. Palibe amene akanalola kugwetsa khoma lokongola chotero, losafufuma, losang'aluka, chifukwa cha mawu a wamisala. Anapita ku chitseko chobiriwira napeza anthu ena akugulitsamo matayala. Tepi ija anaiphwanya ndi nyundo, koma sizinasinthe kanthu. Ntchito inatha, galimoto inapita, nyumba inapita.

Lero ali kwa mlongo wake, m'kachipinda ka kuseri kwa mashini osokera. Msana wake unapindika cham'mbali moti sangagone chagada. Miyezi ya mvula amatupa mpaka maso kutsekeka, miyezi ya dzuwa mlongo wake amamumanga nsalu m'manja kuti ming'alu isatuluke magazi. Kuhotelo kukakhala msonkhano waukulu iye amadziwa, chifukwa tsiku limenelo satha kumeza ngakhale madzi. Nthawi zina amalankhula zomveka bwino, nthawi zina amayankha anthu amene ali m'zipinda zakutali. Mlongo wake anamufunsapo ngati amapempha Mulungu kuti amutenge. Iye anapukusa mutu mwamantha.

"Ndikapita ine, makoma aja adzagwira ndani? Atsala ndani m'nyumba muno? Sindinafunse. Mlongo wanga, sindinafunse."

Choncho amalimbikira kukoka mpweya, umodzi umodzi, ndipo mlongo wake amasoka zovala khutu lili kuchipindako.

Abale, dyera silibwera ndi nkhope yoopsa. Kwa munthu uyu linabwera litavala chifundo, likunena kuti likufuna kupumitsa mkazi wotopa. Koma chuma cha mankhwala chilibe chaulere, ndipo amene amalipira kawirikawiri ndi uja amakukonda, amene amakweza manja ukamuuza kuti akweze. Mfundo anali ndi luso, anali ndi mkazi woimba, ndipo chimene chinkamusowa chinali kudikira kokha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iliyonse ili ndi nthawi yake yoyenera kuipatsa, ndipo ukaona mnzako akuidumpha osagwa, usasirire, pakuti sudziwa amene wagwa m'malo mwake. Mulungu atipatse mtima wokhutira ndi chochepa chopezeka bwino, aulandire mzimu wa mayi uja, ndipo amuchitire chifundo ngakhale iye amene anamuyeza.